MATAYALA A MANO AKULU-AKULU ADANDIDYERA MPAMBA

Abale anzanga a mumsika, lero sindikamba za ndale ayi. Za ndale tazimva mpaka makutu achita kuwawa. Lero ndikamba za chinthu chakuda, chozungulira, chomwe ambiri a ife sitichiyang'ana n'komwe pamene tikukweza katundu pa galimoto m'bandakucha. Ndikunena tayala. Musaseke, anthuni. Ineyo chinthu chimenechi chidandigonetsa kuthengo, chidandidanitsa ndi amayi anayi omwe ndidachita nawo geni kwa zaka zambiri, ndipo tsiku lina chikadatipha tonse pa Phalula.

Ine ndimagulitsa kachewere ndi kabichi ku Limbe. Nditatopa ndi kunyozedwa ndi eni malole, mu 2021 ndidaphatikiza ndalama za chipereganyu ndi kangongole ka banki m'khonde n'kugula pikapu yakale ya Toyota Hilux, ya dizilo, yokoka mawilo onse anayi. Galimoto imeneyi ndiyo khasu langa. M'mawa imatula ana ku sukulu, masana imazungulira m'tauni, Lamulungu imapita ku tchalitchi, kukagwa zovuta pa mudzi imanyamula bokosi. Ndiye kawiri pa sabata imakwera mapiri a ku Ntcheu, cha ku Tsangano ndi Lizulu, kukapikula katundu kwa alimi. Pobwera ndimatengako anzanga a tomato ndi anyezi, amandithandiza ya mafuta.

Galimoto yotere, yoyenda tsiku ndi tsiku pa tala koma n'kumalowanso kumadimba, imafuna tayala lotani? Funso limeneli ndidaliyankha molakwa katatu. Ndikuuzani zonse, manyazi ndawasiya kunyumba, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

USIKU WA M'MAKANDE

Pikapuyo idabwera ndi matayala a mano ang'ono-ang'ono, aja amalembedwa H/T. Amenewa ndi a pa tala. Sasokosera, sadya mafuta ambiri, ndipo chilimwe chonse cha 2021 sadandivute. Ndinkadutsa pa Zalewa, pa Chingeni pomwe adatsegula geti yolipirira msewu mu November chaka chomwecho, n'kukafika ku mapiri ndikuimba mluzu.

Mu January 2022 mvula idachita kutsanulidwa. Tidapakira madengu a tomato a amayi anayi ndi matumba anga a kachewere, dzuwa likupendeka. Titangotsika kamtunda ka katondo n'kulowa padambo, galimoto idayamba kuvina. Ndidaika giya yokoka mawilo onse, koma ayi ndithu. Makande adamata m'mano onse a matayala mpaka tayala lililonse lidasanduka chigumu, losalala see! Mawilo ankangozungulira pamodzimodzi, galimoto n'kumatitimira.

Anyamata a m'mudzimo adabwera ndi makasu. Adakumba, adaika nthambi, adakankha, ndidawalipira, koma mdima udatipeza pomwepo. Tidagona m'galimoto udzudzu ukutiimbira nyimbo. Cha pakati pa usiku mayi wina wamkulu mwa anayiwo adandiyang'ana nati: "Achimwene, ifetu tinakulipirani kuti mutifikitse ku Limbe, osati kudzagona ndi achule kuno." Ndidasowa poyankha. Tidatuluka m'matopemo m'mawa mwake dzuwa litaomba, n'kukafika ku msika madzulo, oda onse atabalalika. Tomato wambiri adali ataphwanyika ndi kugwedezeka kuja. Amayiwo sadandilipiritse, koma miyezi itatu yathunthu sadakwerenso galimoto yanga. Mumsika nkhani imathamanga kuposa njinga yamoto.

NDIDAGULA NDI MKWIYO

Chinthu chogula uli ndi mkwiyo sichikhala bwino. Sabata yomweyo ndidatapa mpamba wa kachewere n'kukagula matayala anayi a M/T, aja a matope eni-eni, mano ake ngati a ng'ona. Wogulitsa adandinyengereranso kuti nditenge aakulu ndi otambalala kuposa omwe galimotoyo idabadwa nawo. Ati, "Bwana, apa ndiye mudzidutsa paliponse." Nditafika nawo pa msika anyamata adachita kuimba m'manja. Ine mtima m'malo, ndikuyenda ngati nduna.

Chilungamo chake, m'matope adagwira ntchito. Mano a tayala la M/T ndi otalikirana, ndiye likamazungulira limataya lokha matope n'kulumanso pansi. Padambo paja ndidadutsa osaima. Koma walira mvula walira matope. Nditangobwerera pa tala ndidayamba kumva kulira kwa wuuuu ngati ndege ikufuna kunyamuka. Kuchoka ku Ntcheu kukafika ku Limbe munthu umafika mutu ukuwawa, wailesi osaimva.

Kenako dizilo. Mafuta omwe kale ankandifikitsa ku Ntcheu n'kubwerera adayamba kuthera panjira. Tayala lotere ndi lolemera, ndipo mano ake akulu-akuluwo amapindika-pindika pa tala n'kumaibweza galimoto. Poti adali aakulu kuposa muyeso, galimoto idafookanso pokwera mtunda, ndipo ndikasenza katundu n'kukhota kwambiri ankakhula m'bodi. Tayala lalikulu limanamizanso wotchi ya liwiro: imaonetsa pang'ono pamene iwe ukuthamanga kuposa apo.

Choopsa ndidachiona pa Lunzu kukuwaza mvula. Wa kabaza adatulukira kutsogolo kwanga, ine n'kuponda buleki, koma galimoto idapitirira kutsetsereka ngati ili pa sopo. Ndidamuphonya ndi chikhato chimodzi. Apa m'pomwe ndidazindikira kuti pa tala yonyowa chomwe chimaimitsa galimoto ndi mphira wogunda pansi komanso timizere ting'ono-ting'ono tomwe timachotsa madzi. Tayala la matope lili ndi mipata yambiri, mphira wogunda pansi wochepa, timizere tija tosowa. Ndi mfumu m'dambo, koma pa M1 ndi mlendo.

Pomafika pakati pa 2023 mano aja adali atadyeka mosiyana-siyana, lina lalitali lina lalifupi, chiwongolero chikunjenjemera m'manja. Mvula kwathu kuno imagwa kuyambira cha mu November mpaka March kapena April. Miyezi ina yonseyo ndinkangopera ndalama zanga pa tala youma.

KAUNJIKA WA PA PHALULA

Nthawi yogula ena itakwana, m'thumba mudali mphepo. Matayala timagulawa amachokera kunja, ku South Africa, China, Japan, India ndi maiko ena, ndiye Kwacha ikagwa mitengo yake imadumpha tsiku lomwelo. Mu May 2022 Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo matayala atsopano adali atakwera kale kutali. Mnzanga wina adandilozera komwe amagulitsa a kaunjika. Ndidapeza anayi ofanana, mano akuya bwino, opakidwa polishi akuchita kunyezimira. Mtengo wake wa anayiwo sudafike ngakhale wa awiri atsopano. Ndidati Mulungu wandiona.

Adandiona inde, koma mwa njira ina. Mu October 2023, dzuwa lili paliwombo, tikuchokera ku Ntcheu. Nonse mukudziwa m'mene kumatenthera pakati pa Chingeni ndi Zalewa mwezi umenewo, tala imachita kunyezimira ngati madzi. Kumbuyo kudali matumba a kachewere aja osokerera pamwamba, ndipo amayi awiri adakhala pamwamba pa katunduyo. Tikuyandikira pa Phalula ndidangomva phuu! Galimoto idagwetsa thako, n'kuyamba kupita uku ndi uku. Mwayi wake sindidaponde buleki mwamphamvu. Ndidagwira chiwongolero zolimba, n'kuchotsa phazi pa mafuta pang'ono-pang'ono mpaka tidakaima mu ngalande. Mayi mmodzi adagwera pa udzu n'kubinya mkono. Matumba atatu adang'ambika, kachewere mbwee pa msewu. Ndidatsika miyendo ikugwedera. Akadafa mayi uja, ndikadakawauza chiyani ana ake?

SUKULU YA PANSI PA MTENGO

Titaika sipeya tidayenda pang'ono-pang'ono mpaka tidapeza mkulu wina wa imvi wokonza matayala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Adatenga tayala lophulikalo, adalipukuta m'nthiti ndi sanza, n'kuvala magalasi omanga ndi ulusi.

"Mwana wanga, sukulu unapita?" adafunsa.

"Eya madala, ndinafika Fomu 2."

"Nanga bwanji sunawerenge kalata yomwe tayalali linabwera nayo? Tayala lililonse limanena lokha zaka zake ndi katundu yemwe lingasenze. Safunsa anadya phula."

Adandilozera pomwe padalembedwa DOT, kutsogolo kwake malemba ndi manambala, kumapeto manambala anayi m'kabokosi: 1412. Ati manambala awiri oyambawo ndi sabata, awiri omalizawo ndi chaka. Tayala langa "latsopanolo" lidapangidwa sabata ya 14 ya chaka cha 2012. Lidali ndi zaka 11! Kalembedwe ka manambala anayi kameneka kadayamba mu 2000, ndiye mukapeza la manambala atatu okha dziwani kuti ndi la m'ma 1990 kapena kale kuposa apo, loyenera kusoka nkhwaila basi. Mphira umakalamba ngakhale tayala lisakuyenda. Makampani akulu-akulu opanga matayala amalangiza kuti likapitirira zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe, kaya mano alipo kaya palibe.

Kenako adandionetsa mau akuti STUDLESS. Ati limeneli ndi tayala la ku maiko ozizira monga Japan, lopangira kuyenda pa chipale chofewa ndi madzi oundana. Mphira wake ndi wofewa dala kuti usaume m'chisanu. Ukalibweretsa pa tala ya Phalula mu October limadyeka msanga ndipo silikhazikika pokhota. "Wamuveka jekete la ku Japan munthu wa ku Chikwawa," adatero madalawo uku akuseka.

Chachitatu ndicho chidanditsitsa thukuta. Pa tayalapo padalembedwa 215/70R16 100Q. Madala adandimasulira chimodzi-chimodzi. 215 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. 70 ndi msinkhu wa nthiti zake, kutanthauza magawo 70 pa 100 a kutambalala kuja. R ndi kapangidwe ka mawaya a m'kati, 16 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Nambala ya 100 ndiyo ya katundu, imatanthauza kuti tayala limodzi lisasenze kuposa makilogalamu 800. Q ndi liwiro, makilomita 160 pa ola.

Atatero adatsegula chitseko cha dalaivala n'kundionetsa kapepala komata pa mphuthu, komwe ine ndinkakaona tsiku ndi tsiku osakawerenga. Galimoto yanga imafuna 205R16C. C ameneyo akuimira tayala la galimoto ya katundu, ndipo ena m'malo mwake amalemba LT. Matayala a saizi imeneyi kawiri-kawiri amalembedwa 8PR ndi 110/108. 8PR ikunena za kulimba kwa thupi la tayala. 110 ndi makilogalamu 1,060 pa tayala limodzi, pamene 108, yomwe ndi makilogalamu 1,000, imagwira ntchito pa galimoto zomwe kumbuyo zimavala awiri-awiri.

Tawerengani nane. Awiri a kumbuyo oyenerawo amasenza makilogalamu 2,120. A kaunjika anga aja awiri ankatha 1,600 basi. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 520, matumba khumi a 50 kg! Ndipo musaiwale kuti matayala a kumbuyowo asanalandire thumba ngakhale limodzi amakhala atasenza kale thupi la galimoto. Anzanga a minibasi ndi mapikapu ang'ono omwe amavala 195R14C, yang'anani 106/104: pamenepo 106 ndi makilogalamu 950. Wina akakugulitsani tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 88, dziwani kuti malire ake ndi makilogalamu 560.

"Komanso unalipopa liti?" adafunsa madala. Ndidati ndimangolimenya ndi phazi. Adapukusa mutu. Ati makilogalamu olembedwawo tayala limawasenza pokha-pokha lili ndi mpweya wokwanira. Likakhala lophwa pang'ono, nthiti zake zimapindika ndi kuongoka nthawi iliyonse likazungulira, ngati m'mene timapindira waya kuti aduke. Kupindikako kumabala moto m'kati, mphira n'kulekana ndi mawaya, basi phuu. Tayala lokalamba, la dziko lozizira, losenza mopyola, lopanda mpweya, pa dzuwa la October. "Sikuti unalodzedwa ayi," adatero. "Unadzilodza wekha."

Musaganize kuti zoterezi zimagwera ife osauka tokha. Mu August 2000 kampani ya Firestone ku America idaitanitsa matayala okwana 6.5 miliyoni a mitundu ya ATX, ATX II ndi Wilderness AT, ambiri mwa iwo ovekedwa pa galimoto za Ford Explorer, chifukwa chikopa cha mano chinkasendeka galimoto ili pa liwiro ndipo anthu adafa pa ngozi zimenezo. Zambiri zidachitika m'madera otentha a dzikolo, ndipo nkhani ya mpweya woyenera kupopa idali pakati pa mkangano wa makampani awiriwo. Kutentha ndi mpweya wochepa sizisankha dziko.

WERENGANI MSEWU WANU, OSATI MASO A ANTHU

Funso lomaliza la madala lidali lophweka. "Pa ulendo wako, tala ndi yotalika bwanji, dothi ndi lotalika bwanji?" Ndidawerenga. Kuchoka ku Limbe kukafika komwe ndimakhota kusiya M1 ndi makilomita oposa 150, onsewo tala. Kuchoka apo kukafika kumadimba mwina 20, pena 30. Kuonjezapo maulendo a m'tauni a sabata yonse, ndidapeza kuti pa magawo khumi a moyo wa galimoto yanga, oposa asanu ndi atatu ndi a pa tala. Ndidagulira matayala a ng'ona kadambo kamodzi, komwe kamavuta miyezi itatu kapena inayi pa chaka.

Apa m'pomwe pali nzeru yonse. Mitundu ilipo itatu. H/T ndi wa munthu yemwe sachoka pa tala, kapena amalowa msewu wa fumbi wosalazidwa bwino nthawi ya chilimwe. M/T ndi wa munthu yemwe amakhala kumatope, monga wonyamula fodya, nkhuni kapena chimanga m'misewu ya kumudzi sabata yonse, amene tala amaiona mwa apo ndi apo. Pakati pawo pali A/T, tayala la ponse-ponse. Mano ake ndi okulirapo kuposa a H/T, mapewa ake amaluma dothi, nthiti zake zimapirira miyala ndi zitsa, koma mipata yake si yotalikirana kwambiri ndipo lili ndi timizere tija togwira pa tala yonyowa. Si lachilendo ayi, kampani ya BFGoodrich idatulutsa tayala lake la All-Terrain kale mu 1976, ndipo lero pafupi-fupi kampani iliyonse ili ndi lake. Mudzamva maina ngati Dunlop Grandtrek, Bridgestone Dueler, Goodyear Wrangler, General Grabber ndi Yokohama Geolandar, koma chenjerani poti dzina limodzi lomwelo limakhala ndi mitundu ingapo, wina wa pa tala, wina wa ponse-ponse, wina wa matope. Werengani malemba a pa tayalapo, osangomva dzina.

Ndidachedwa kusonkhanitsa ndalama, ndipo mu November 2023 Kwacha idagwetsedwanso ndi 44 peresenti ndisanagule. Ndidalira, koma ndidagulitsa mbuzi za kumudzi n'kugula A/T anayi atsopano a saizi ya pa chitseko ija, a C, 8PR, ndidachita kuwerenga ndekha chaka chake wogulitsa akundiyang'ana modabwa. Dzina la kampani sinditchula, sindine wotsatsa malonda a munthu.

Ndisakunamizeni kuti A/T ndi mankhwala a zonse. Pa katondo wonyowa, pa miyala ndi pa mchenga amayenda bwino zedi. Koma m'makande eni-eni, mvula itagwa usiku wonse, nayenso amamata. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndidaphunzira kudekha. Ndikaona dambo lanyowa ndimatsika n'kuyendapo ndi mapazi kaye. Likakhala loipa ndimadikira dzuwa liombe maola awiri, kapena alimi amandibweretsera katundu pa ngolo kutsidya kuno. Ndalama ya ngolo ndi yochepa kuyerekeza ndi dizilo yemwe matayala a ng'ona ankandimwera chaka chonse. Phokoso lilipo pang'ono kuposa la H/T, koma wailesi ndimaimva, ndipo mvula ikagwa pa Lunzu buleki imagwira.

MASAMU A WA GENI

Ife a geni timadziwa kuwerenga phindu la dengu la tomato mpaka tambala yomaliza, koma pa tayala timangofunsa kuti "ndi zingati?" Funso loyenera n'lakuti, kilomita imodzi indidyera zingati? Tingoyerekeza ndi manambala ophunzirira, inu muikepo mitengo yomwe mwaipeza ku sitolo. Tinene kuti latsopano mwagula K300,000 ndipo layenda makilomita 50,000. Ndiye kuti kilomita iliyonse mwalipira K6. La kaunjika mwagula K90,000 koma latha kapena laphulika pa makilomita 9,000. Pamenepo kilomita iliyonse mwalipira K10, osawerengera tomato wophwanyika, tsiku la msika lotayika ndi bilu ya ku chipatala. Gulani kakope, lembani nambala ya pa wotchi ya makilomita tsiku lomwe mwaveka tayala, mudzalembenso tsiku lolichotsa. Kakopeko sikanama ngati wogulitsa.

Ndikudziwa kuti nthawi zina m'thumba mumakana ndithu ndipo kaunjika ndiye amatsala. Ngati zafika pamenepo, pitani masana, osati madzulo. Werengani chaka. Werengani nambala ya katundu ndi C kapena LT. Kanani la STUDLESS. Lichotseni pa limu muone m'kati ngati muli zigamba, makamaka m'nthiti, poti bala la m'nthiti silimatika n'kukhala lodalirika. Pindani mphira muone ngati uli ndi ming'alu. Pomwe pali chotupa ngati chithupsa, mawaya adaduka kale, lisiyeni. Chenjeraninso ndi aja osemedwa mano atsopano ndi mpeni wamoto. Osemedwa mololedwa ndi a malole akulu-akulu okha olembedwa REGROOVABLE. La pikapu likasemedwa, mpeni umafika pafupi ndi mawaya.

KUGULA N'KUMODZI, KUSAMALA N'KWINA

Tayala labwino m'manja mwa munthu wosasamala limatha ngati loipa. Ndidagula geji yanga-yanga ya mpweya ndi pampu ya phazi, poti mageji ena a pomwetsera mafuta ndi otopa. Ndimayeza m'mawa galimoto isanayende, matayala ali ozizira, motsata manambala a pa chitseko paja. Pamenepo pamakhala muyeso wa galimoto yopanda katundu ndi wina wa yosenza, ndipo a kumbuyo amafuna mpweya wochuluka mukasenza. Mukayeza pakati pa ulendo mudzapeza mpweya wakwera chifukwa cha kutentha. Musauphwetse, umenewo ndi wabwino-bwino, ukazizira ubwerera.

Pa mchenga kapena m'matope kuphwetsako pang'ono kumathandiza, poti tayala limatambalala n'kugwira malo aakulu. Koma ngati mwasenza kwambiri musaphwetse mopyola, yendani pang'ono-pang'ono, ndipo musanakwere pa tala popaninso. Giya yokoka mawilo onse, pa galimoto ngati yangayi, ichotseni mukafika pa tala youma, kupanda kutero mukupera matayala ndi zitsulo zomwe. Pikapu yopanda kanthu kumbuyo imaterera msanga m'matope kusiyana ndi yomwe ili ndi matumba angapo pamwamba pa mawilo a kumbuyo.

Pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse ndimasinthanitsa a kutsogolo ndi a kumbuyo kuti adyeke mofanana. Ndikagwa m'dzenje lalikulu, monga momwe misewu yambiri ya kum'mwera kuno idakumbikira namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, ndimakaonetsa alaimenti. Tayala lodyeka mbali imodzi likukuuzani kuti miyendo ya galimoto yapotoka. Lodyeka m'mbali zonse ziwiri likuti mpweya ukuchepa. Lodyeka pakati pokha likuti mwapopa mopyola. Ndalama ikakwana ya awiri okha, atsopanowo aikeni kumbuyo, ndipo pa ekiselo imodzi pasakhale a mitundu kapena saizi zosiyana. Sipeya nayo ikhale ya saizi yomweyo, yopopa.

M'ngalande za mano muli timabampu ting'ono-ting'ono, ndipo m'mbali mwake pamalembedwa TWI kapena pamakhala kachizindikiro. Timeneti ndi totalika mamilimita 1.6. Mano akafanana nato, tayala latha, musadikire kuti wapolisi wa pamsewu akuuzeni ndi chindapusa. Koma kwa ife olowa m'matope, kudikira mpaka pamenepo n'kuchedwa. Madala aja adandiphunzitsa kulowetsa mutu wa machesi m'ngalandemo. Mutuwo ukapanda kubisika ndipo mvula ili pafupi, yambani kusunga ndalama.

Chomaliza pa eni galimoto: tayala lolimba silisandutsa pikapu kukhala lole. Galimoto ya tani imodzi ndi ya matumba 20 a 50 kg, kuphatikizapo kulemera kwa anthu omwe akwera. Tsiku la pa Phalula ine ndidapyola, ndipo mlandu umenewo sindingaukankhire kwa wogulitsa kaunjika.

KWA INU OCHITA HAYALA

Ndikudziwa kuti ambiri owerenga nyuzi ino mulibe galimoto. Mumasonkherana anayi kapena asanu n'kuchita hayala kupita ku Lizulu, ku Bembeke, ku Jenda kapena ku nyanja kukapikula usipa. Nkhaniyi ndi yanunso, mwinanso kuposa eni galimoto, poti mpamba uli m'madengumo ndi wanu ndipo wokhala pamwamba pa katundu ndinu. Musanakweze kanthu, zungulirani galimotoyo kamodzi. Sizitenga mphindi ziwiri. Onani ngati mano alipo, ngati mawaya sakuonekera, ngati m'nthiti mulibe chotupa. Funsani kuti, "Adalaivala, sipeya ilipo? Nanga jeke?" Katundu akakwera yang'ananinso a kumbuyo. Ngati aphwatalala ngati chitumbuwa, nenani kuti apope kapena atsitse matumba ena. Akakwiya, akwiye. Mumasankha tomato mmodzi-mmodzi pa dimba, mungalephere bwanji kuyang'ana zinthu zinayi zomwe zanyamula moyo wanu?

Mayi uja adabinya mkono pa Phalula adachira, ndipo amakwerabe galimoto yanga. Koma masiku ano asanakwere amaizungulira kaye, chitenje atamanga m'chiuno, n'kuwerama pa tayala lililonse. Tsiku lina ndidamumva akuuza mnzake watsopano mu geni kuti, "Asisi, taonani apa, manambala anayi awa. Awiri omalizawa ndi chaka." Ine ndidangokhala chete m'galimoto, kudikira kuti amalize kuyendera, kenako tidanyamuka.